Munda Usapite Chifukwa cha Kalata ya Ntchito

Amayi anzanga, pamsonkhano wathu mayi wina adatiuza kuti mwana wake, amene adatsiriza maphunziro ku Britain, akuitanitsa ndalama zogulira kalata ya ntchito kuti akhazikike komweko. Mayiyo akuti agulitse munda wake wa nanazi.

Tamverani. M'chaka cha 2021 boma la Britain lidalola otsiriza digiri kukhala zaka 2 akufunafuna ntchito. Wofuna kukhalitsa pantchito amalembedwa ndi kampani yokhala ndi chilolezo cha boma, ndipo maina a makampaniwo bomalo limawaika poyera. Kalatayo siigulitsidwa, woigulitsa ndi mbala.

Kuno ku Mulanje malo ambiri adapita ku tiyi. Munda ukagulitsidwa, mwanayo akadzabwerera adzalima pati? Muuzeni adekhe, ayambe wafufuza.