Ogulitsa golide, bwanji za msonkho simukunena?

Akonzi,

Ndiloleni ndidandauleko kudzera m'nyuzipepala yanuyi, popeza abale athu ambiri a kuno ku Joni amaiwerenga. Ndine dalaivala wa thiraki, ndagwira ntchito ku South Africa zaka 11, ndipo mwezi ndi mwezi abwana amandidula ndalama ya penshoni.

Chiyambire pa 1 September 2024, lamulo la two-pot limagawa ndalama imeneyi m'miphika iwiri. Gawo limodzi mwa magawo atatu limalowa mumphika woti munthu atha kutapamo kamodzi pachaka, bola isachepere R2,000. Magawo awiri enawo amadikira tsiku lopuma pantchito.

Ogulitsa golide sanachedwe kumva fungo. Mnyamata wa kampani ina anandipeza nditaima pomwetsera mafuta, nandionetsa pafoni chithunzi cha ndalama yagolide ya Krugerrand. Pakamwa pake panali uchi: randi ikugwa, golide sachita dzimbiri, tapani penshoni yanu mugule chinthu chogwirika m'manja. Mawu oti msonkho sanatuluke ngakhale kamodzi.

Ndinapempha kutapa R20,000 pa penshoni yanga. Imene inalowa ku akaunti sinakwane ndi R15,000 yomwe. Nditafunsa, ndi pamene ndinamva kuti ndalama yotapa mumphikawu amaiwerengera ngati malipiro, ndipo bungwe lotolera misonkho la SARS limadula molingana ndi mlingo wa malipiro a munthu, kuyambira 18 mpaka 45 peresenti. Ine ndili pa 26 peresenti, choncho R5,200 inapita golide ndisanamuone n'komwe. Osunga penshoni nawonso anadulapo yawo yogwirira ntchito. Amene ali ndi ngongole yakale ya msonkho zake n'zomvetsa chisoni kwambiri, chifukwa SARS imayamba yatenga ngongoleyo.

Yotsalayo inangokwana kandalama kakang'ono, kosafika ndi theka la ounce, koti kamasowa m'chikhatho. Nditafunsa mtengo woti angandigule nako tsiku lomwelo, unali wotsika kuposa umene ndinapereka. Kalinso m'nyumba, sikabereka chiwongoladzanja, ndipo usiku galu akangouwa ndimadzuka.

Chimene chandiwawa zedi ndi ichi. Ndalama ikakhala m'thumba la penshoni, phindu lake limakula popanda msonkho. Munthu akadikira mpaka kupuma pantchito, R550,000 yoyamba ya ndalama yolandira nthawi imodzi sadula msonkho. Ine ndinapereka R5,200 pa ndalama imene mwina ndikanadzailandira yathunthu. Komanso tsiku lodzagulitsa Krugerrand, phindu likadzapyola malire amene boma limakhululuka pachaka, palinso msonkho wa phindu. Ogula siliva aziwerengeranso VAT ya 15 peresenti, imene pa Krugerrand yagolide palibe. Ndithu chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Sindikunena kuti golide ndi woipa. Krugerrand yakhala ikugulitsidwa kuchokera mu 1967, ndipo alipo amene apindula nayo. Dandaulo langa ndi lakuti ogulitsawa amatchula theka lokoma lokha, podziwa kuti ambirife tilibe wotiwerengera masamu. Munthu amene wadulidwa 26 peresenti pakhomo polowera ayenera kudikira kuti golide akwere mtengo ndi 35 peresenti kuti angobwerera pamene anali. Bwanji zimenezi sazilemba pa zotsatsa zawo?

Ndikupempha bungwe la FSCA, lomwe limayang'anira makampani a zachuma kuno, kuti liunike zotsatsa zoterezi. Inunso akonzi, otsatsa malonda otere akabwera kwa inu, muziwafunsa kuti za msonkho zili pati.

Abale anga a ku Joni, Durban ndi Cape Town, musanasaine fomu yotapira penshoni, funsani funso limodzi: SARS ikadula, m'manja mwanga mutsala zingati? Wogulitsa akayamba kuzungulira, bwezani cholembera m'thumba.

Mmalawi wodandaula,
Johannesburg