Madroni athu aphunzirenso kununkhiza madzi

Pa 18 February 2025, damu losungiramo zinyalala za mgodi wa kampani ya Sino-Metals ku Chambishi m'dziko la Zambia linagumuka, ndipo madzi a asidi okwana malita pafupifupi 50 miliyoni anakathira mumtsinje wa Kafue. Nsomba zinayandama chagada, mbewu za m'madimba zinapserera, ndipo mzinda wa Kitwe unatsekeredwa madzi a m'mipopi. Boma linachita kutumiza ndege za asilikali kukawaza laimu mumtsinjemo kuti asidiyo achepe ukali.

Wina anena kuti izi n'za eni migodi, kuno kwa Kachindamoto kulibe mgodi. N'zoona. Komatu taonani mmene dera lathuli linakhalira. Ife tili kunsi kwa mapiri. Chilichonse chotayika kumtunda chimatsika ndi Nadzipokwe, Namikokwe kapena Livulezi, n'kudutsa m'minda mwathu chisanakalowe m'nyanja. Msewu wa M5 unadutsa pa Golomoti ndi pa Mtakataka, ndipo mathanki a mafuta ndi malole a feteleza amayendamo usana ndi usiku. Ina imatsetsereka pa Khwekhwelere mabuleki akununkha. Tsiku lina imodzi ikadzagubuduka pafupi ndi mlatho, adzauze mayi wotunga madzi kumunsi kwa mtsinje ndani?

Ndipo poizoni wina safuna ngozi. Timamugula tokha pamsika, m'timabotolo topanda chizindikiro. Mlimi wa thonje akamaliza kupopera, mpope wake amakatsukira mumtsinje. Kuchokera pomwe mbozi za ntchemberezandonda zinavuta m'chaka cha 2017, mankhwala opopera chimanga afika pafupifupi khomo lililonse. Palinso anyamata ena aulesi amene anasiya katupe wa makolo, pano akuthira mankhwala a mbewu m'maiwe kuti atole nsomba msanga, nsombazo n'kudzatigulitsa ife tomwe.

Ndiye madroni, tindege topanda woyendetsa tija, akubwera pati? Dziko lino si lachilendo pa nkhaniyi. M'mwezi wa June 2017, boma ndi bungwe la UNICEF anatsegula malo oyeserapo madroni ku Kasungu. Mu January 2020 kunatsegulidwa sukulu ya African Drone and Data Academy ku Lilongwe, komwe achinyamata athu aphunzira kupanga ndi kuulutsa tindegeti. Tanyamulapo mankhwala kupita kuzipatala zovuta kufikako, tajambulapo madera osefukira madzi, ndipo ku Kasungu komweko tafufuzapo zithaphwi zomwe udzudzu umaswana. Luso lilipo. Chimene sindinamvepo n'choti wina waganiza zotituma kukalondera madzi.

Droni ikauluka pamwamba pa mtsinje, kamera yake imaona madzi osintha mtundu, mafuta oyandama, kapena nsomba zakufa m'bango momwe munthu sangapondemo. Ikamangiriridwa kachipangizo konunkhiza mpweya, itha kulowa mu utsi wa thanki yomwe yagwa wapolisi asanayandikire, n'kudziwitsa ngati mpweyawo ndi wakupha komanso komwe mphepo ikuutengera. Palinso tizipangizo tina tosauluka, tongomizidwa m'madzi, toyendera sola. Timayeza asidi, mchere ndi mpweya womwe nsomba zimapuma, ndipo zikangosintha mwadzidzidzi timatumiza uthenga pafoni.

Koma ndisakunamizeni, awerengi. Kamera siona mankhwala a thonje osungunuka m'madzi oyera mbee. Kuti mudziwe dzina la poizoni ndi kuchuluka kwake, madziwo ayenera kukafika kulabotale. Droni ingathandize kutunga madziwo pamalo oopsa ndi kulozera komwe vuto layambira, basi. Wodzabwera kudzatigulitsa kandege kodziwa zonse, timufunse mafunso asanatsitse katundu wake.

Chondidetsa nkhawa kwambiri ndi chimene chimachitika uthenga ukafika pafoni. Tili ndi bungwe la Pesticides Control Board ku Bvumbwe loona za mankhwala ophera tizilombo. Tili ndi MEPA, yokhazikitsidwa ndi lamulo la zachilengedwe la 2017. Onsewa ali kutali ndi Mua. Chenjezo likangothera pakompyuta ya bwana mumzinda, Loweruka madzulo, mwana wa ku Golomoti wamwa kale madziwo. Uthenga woyamba uzipita kwa mlangizi wa zaumoyo, kwa anyakwawa ndi kwa komiti yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi m'mudzi, m'Chichewa chomveka: musamwe, musasambe, ng'ombe musazitsitsire kudambo.

Pempho langa kukhonsolo ya Dedza si lalikulu. Tiyambire pa sikimu ya mpunga ya Bwanje Valley, yomwe ili ndi mahekitala pafupifupi 800 ndipo imadalira madzi a Namikokwe. Pomwe madzi amapatukira kulowa mumngalande paikidwe kachipangizo kamodzi, kena pomwe amatulukira. Alimi a m'sikimumo ali kale ndi bungwe lawo loyendetsa madzi. Ndiwo angakasamale kuti sola yake isabedwe. Droni imodzi, ndi wachinyamata mmodzi wophunzira bwino, ikhale yoti itha kuitanidwa ngozi ikachitika pa M5 pakati pa Golomoti ndi Mtakataka. Ndipo ndalama zogulira mabatire zilembedweretu m'bajeti ya khonsolo, chifukwa zipangizo zobwera ndi mapulojekiti tazionapo zikuchita dzimbiri chaka chomwe eni pulojekiti alongedza.