Mwana sakhwima ndi mazunzo

"Ife tinakula ndi nkhondo, nanga tinafa?" Mawu amenewa ndawamva kambirimbiri pa foni ndikamayendetsa pologalamu pa wailesi. Posacedwapa bambo wina anawabwerezanso, poikira kumbuyo m'bale wawo amene anatulutsa m'sukulu mwana wamasiye n'kumutumiza ku Macanga kukasoka fodya. Akuti mwanayo akakhwima kumeneko. Pa wailesi ndinawayankha mozungulira, poti nchito imafuna ulemu. Pano ndiwayankha mosabisa.

Bambo, inenso ndinakula ndi nkhondo yomweyo. Tinacoka ku Ntengo-Wambalame usiku ndili wamng'ono, n'kudumpha malire kulowa ku Ntcheu, ndipo tinabwerera pambuyo pa mgwirizano wa ku Roma wa pa 4 Okutobala 1992. Njala ndimaidziwa, mphere ndimazidziwa. Koma mukanena kuti zimenezo ndi zimene zinandilimbitsa, mukunama. Anandilimbitsa ndi agogo anga aakazi, amene ankandisungira mkute ngakhale iwo atagona ndi madzi okha. Anandilimbitsa ndi mphunzitsi wina wa ku Malawi amene ndikajomba masiku awiri ankabwera kudzafunsa ngati ndadwala. Anzanga amene analibe munthu wotere ali kuti? Ena anathera m'kacasu, ena tinawaika kale m'manda. Amenewo saimba foni ku wailesi kudzadzitama, n'cifukwa cake timangomva mawu a opulumuka okha.

Mwana wamasiye kapena wa m'banja losauka safunikira kumuonjezera mavuto, ali nawo kale okwanira. Cimene akusowa ndi munthu wamkulu mmodzi amene amadziwa kumene wagona, mbale ya nsima yodalirika, ndi sukulu imene imazindikira kuti lero sanabwere. Zimenezi sizidikira bungwe locokera ku Maputo. Kuno timakolola mbatata ya kacewere yodzaza magalimoto, ndipo pa msika wa Lizulu timagulitsa mpaka dzuwa kulowa. Ndiye makope ndi yunifolomu ya mwana wa mlongo wathu womwalira zikutikanika bwanji?

Za atsikana ndiye zimandiwawa koposa. Kucokera mu 2019 lamulo la Mozambique nambala 19/2019 likuletsa kukwatiwitsa mwana wosafika zaka 18, ndipo wokwatira mwanayo ndi makolo omupereka onse akhoza kulowa m'ndende. Ena acenjera: amangomuolotsa mtsikana tsidya lina la msewu, ukwati n'kucitikira kumeneko, ngati kuti ku Malawi n'kololedwa. Ku Malawi nakonso anasintha malamulo aakulu a dziko mu 2017, malire ndi zaka 18 zomwezo. Ndipo mtsikana akatenga pathupi, musatiuze kuti sukulu yatha. Lamulo la 2003 limene linkakankhira atsikana oyembekezera ku makalasi a usiku linathetsedwa mu 2018. Amene akumutsekera pakhomo tsopano ndi ife eni, pofuna kubisa manyazi athu.

Ndikudziwa cimene mundiyankhe: mwana aphunzire khasu. Ndikuvomera, nanenso ndimalima, ndipo ana anga amapalira Loweruka. Koma kupalira m'munda wa amayi ake, n'kubwera kudzadya ndi abale ake, n'kosiyana ndi kugona m'cigafa ca munthu wacilendo nyengo yonse ya fodya, malipiro ake n'kulandira wina.

Inu a nyakwawa, milandu ya malire a minda mumaiweruza mpaka usiku. Itaniraninso bwalo atsibweni amene atulutsa mwana m'sukulu. Inu anamkungwi ndi akuluampingo, mumadziwa nyumba iliyonse imene mtsikana wasowa mwadzidzidzi. Nambala ya Linha Fala Criança ndi 116, ndipo kuimba kwake n'kwaulere.

Mwana uja akadali ku Macanga. Bambo, munandiuza kuti mumadziwa munda umene ali. Njinga yamoto ndili nayo, mafuta ndigula ndine. Tipite liti?