Kuthamanga Sikufika

Akuluakulu anati kuthamanga sikufika. Mwambi umenewu umaluma kwambiri ukagwera wosewera mpira wa chakumbali, wovala nambala 7 kapena 11, poti iye amadyera miyendo basi. Anyamata amene amamenya chikulunga m'fumbi la ku Moatize ndi ku Zóbuè sakufunika kuyang'ana kutali kuti aumvetse. Luís Miquissone ndi mwana wa chigawo chathu chino cha Tete, wobadwa mu 1995.

Anadziwika ali ku União Desportiva do Songo, timu ya kufupi ndi damu la Cahora Bassa, imene inatenga chikho cha Moçambola, ligi ya Mozambique, mu 2017. Chaka chotsatira Mamelodi Sundowns ya ku South Africa inamugula. Tonse tinawomba m'manja. Koma ligi ya kumeneko imalola timu kulembetsa alendo asanu okha, ndipo Sundowns inali kale ndi akatswiri odzaza tsaya. Mnyamata wathu anangoyamba kutumizidwa pangongole, ku Chippa United, kenako ku Royal Eagles.

Mwayi weniweni unamupeza ku Simba ya ku Tanzania mu 2020. Kumeneko ankasewera sabata ndi sabata, anthu mpaka kumupatsa dzina loti Konde Boy. Mu February 2021, ku Dar es Salaam, anamwetsa chigoli chimodzi chokha chimene Simba inagonjetsera Al Ahly ya ku Egypt, imene nthawiyo inali akatswiri a Africa yonse. Patangotha miyezi ingapo Al Ahly yomweyo inamugula. Mphunzitsi wake anali Pitso Mosimane, yemwe uja amene anali ku Sundowns nthawi imene Miquissone ankasowa malo. Mosimane anachoka ku Cairo mu 2022, ndipo chaka chomwecho wosewerayu anabwereketsedwanso ku Abha ya ku Saudi Arabia.

Sindikumuweruza. Ndani mwa ife, atauzidwa malipiro a ku Egypt, akanati ayi, ndikhala konkuno? Kumudzi kuli abale oyembekeza, ndipo bondo silichenjeza tsiku lothyoka. Komabe chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Goloboyi angathe kukhala pabenchi chaka chathunthu n'kubwerera ali yemwe uja. Wachakumbali ayi. Liwiro lake, ndi mtima uja wofuna kudyetsa njomba wotchinga kumbuyo, zimakula ndi kusewera, ndipo zimazilala msanga munthu akamangotenthetsa thupi kunja kwa mzere. Timu yaikulu imagula osewera atatu pa malo amodzi, siitaya kanthu mmodzi akafota.

N'chifukwa chake ndimadabwa makolo ndi aphunzitsi a matimu ang'onoang'ono kuno akamangofunsa ejenti kuti ndalama ndi zingati. Afunsenso kuti pa nambala imeneyo pali ndani kale, alendo olembetsedwa ndi angati, ndipo mphunzitsi amene akumufunayo watsala ndi nthawi yaitali bwanji pa mgwirizano wake.

Taonani wosewera wina wa ku Mozambique, Domingues, dzina lake lenileni Elias Pelembe. Anayamba wakhazikika ku SuperSport United ya ku South Africa, n'kutenga nayo ligi, asanapite ku Sundowns mu 2009. Pofika kumeneko dzina anali nalo kale, palibe amene akanamubisa. Mu January 2024 anali akuvalabe yunifolomu ya Mambas, timu ya dziko la Mozambique, pa chikho cha Africa ku Côte d'Ivoire, ali ndi zaka 40. Pomwe Miquissone anabwerera ku Simba mu 2023, analandiridwa ndi nthungululu, koma patatha chaka chimodzi anasiyana nayo.