WANSEMBE WA KU LUNDAZI NDI LAMULO LA "P.I."

Ambiri a inu okhala mu Chelstone kwanu ndi kum'mawa. Mseu waukulu wa ku Chipata upita pakhomo panu peni peni, ndipo mabasi a ku Petauke, Katete ndi Lundazi muwaona tsiku ndi tsiku. Cotero nkhani ya Bambo Viateur Banyangandora ndi yanu, ndipo tifuna kuikumbutsa kwa onse amene akonda kunena kuti Mpingo usalowe m'ndale.

M'caka ca 2012 mtengo wa thonje unagwa ndi theka. Alimi amene anakongola mbeu ndi mankhwala ku makampani anapeza kuti thukuta la caka conse lathera m'ngongole. Tsiku Lamulungu, pa 29 July, Bambo Banyangandora, wansembe wa parishi ya Lundazi, analalika cimene ali yense m'chalichimo anacidziwa kale: kuti olemera alikulemererabe, osauka alikusaukirabe, ndi kuti mlimi wa thonje wadyeredwa. M'mawa mwace a Boma anadzawatenga, napita nao ku Lusaka. Sabata isanathe anali atawakweza ndege ya ku Rwanda, dziko limene anacokako ngati wothawa nkhondo. Sanaimirire pamaso pa woweruza ali yense. Nduna yoona za m'dziko pa nthawiyo, malemu a Edgar Lungu, inangoti makhalidwe a wansembeyo anali oopsa pa mtendere wa dziko.

Ambuye George Lungu, Bishopu wa Chipata (dzina ndi limodzi ndi la Nduna, koma pa mlandu uwu anaima mbali ziwiri), sanakhale cete. Anadzudzula poyera, nafunsa cimene wansembe wao analakwa, napempha Boma kuti limbweze. Patapita miyezi Boma linacotsa ciletso cija. Kodi munthu woopsa pa mtendere mu August asanduka bwanji wabwino miyezi yowerengeka, cikhalirenico ku Rwanda?

Abale, mphamvu imeneyi siinabadwe ndi ufulu wathu. Tinailandira kwa atsamunda. Akulu akumbukira malemba awiri aja, "P.I.", ndiko kuti mlendo woletsedwa. M'caka ca 1953 M'busa Michael Scott wa Mpingo wa Anglican anapita kukaima pamodzi ndi Inkosi Gomani ya Angoni a ku Nyasaland, imene inakana Citaganya, ndipo Boma linampitikitsa m'dzikomo. M'caka ca 1959 M'busa Tom Colvin wa Mishoni ya Blantyre anamletsa kulowanso m'maiko atatu a Citaganya cifukwa ca kugwirizana ndi anthu akuda. Ku Rhodesia, Smith anathamangitsa Bishopu Donal Lamont wa ku Umtali mu 1977. Ku Malawi, mu 1992, Dr. Banda anathamangitsa Monsignor John Roche wa ku Mzuzu cifukwa ca kalata ya Mabishopu ija imene inatsegula anthu pakamwa. Onsewa anawanena mau amodzi modzi: mwalowa ndale, ndipo ndinu alendo. Pa masiku a Welensky ife tinati anthu otere ndi abwenzi a ufulu. Nanga wa ku Lundazi tidzamucha ciani?

Cimene citinyansa koposa ndi cinyengo ca andale. Pamene munthu ali kunja kwa Boma, ansembe olankhula ndi okoma kwa iye ngati uci. Mu 2010 Bambo Frank Bwalya anayendayenda ndi makadi ofiira kutsutsa Boma la a Rupiah Banda, ndipo a cipani ca P.F. anaomba m'manja. Malemu a Michael Sata, Mkatolika wopemphera pa St. Ignatius muno mu Lusaka, analowa m'Boma mu 2011. Caka cisanathe, Boma lao lomwelo linakweza wansembe ndege cifukwa ca ulaliki umodzi. Izi sizionekera pa cipani cimodzi cokha ai. Mpando ndiwo usintha makutu a munthu. Ndiponso andale omwewo ndi amene analengeza mu 1991 kuti Zambia ndi dziko la Cikristu, nalemba mauwo m'Malamulo Akulu a dziko mu 1996. Anaitana okha Mpingo kubwalo. Tsono afuna ukhale pamenepo wongoimba nyimbo ndi kudalitsa misonkhano yao?

Tisanamizane. Wansembe kapena m'busa amene aima pa guwa nauza Akristu dzina la munthu woti amsankhe, kapena amene alandira envulopu kwa Nduna, wagulitsa mkanjo wace, ndipo ife sitidzamteteza. Tibvomeranso kuti dziko liri lonse liyenera kusunga malire ace ndi kudziwa amene alowa. Mlendo wakuba, ngakhale abvale kolala, aweruzidwe. Koma kunena kuti mlimi walipidwa mocepa ndi nchito imene aneneri anaigwira kuyambira masiku a Amosi, ndipo wansembe amene aika maliro a ana a alimi adziwa za njala ya m'midzi koposa kalaliki wa mu ofesi ya ku Ridgeway.

Lamulo la alendo la 2010, limene anagwiritsa nchito pa mlandu wa ku Lundazi, linapatsa Nduna mphamvu yocotsa munthu m'dziko pa kuganiza kwace yokha. Apa ndi pamene pali bala. Onani za a Roy Clarke, wolemba nkhani zoseketsa mu nyuzipepala ya The Post. Mu 2004 Boma la a Mwanawasa linalamula kuti acoke cifukwa cofanizira akulu a Boma ndi nyama za ku Mfuwe. Iwo anabisala, mlandu unafika ku khoti, woweruza anakana lamulo la Nduna, ndipo mu 2008 Khoti Lalikulu koposa linati kuwathamangitsa kunali cilango copitirira. A Clarke anapulumuka cifukwa anapeza masiku ndi maloya. Wansembe wa kumudzi sanapatsidwe ngakhale limodzi la masikuwo, ndipo wogulitsa m'kantemba wa ku Rwanda kapena wa ku Congo sadzalipeza konse.

Amenewa tiwachula dala. Mu April 2016 magulu a anthu anaphwanya ndi kufunkha masitolo a anthu a ku Rwanda m'makomboni a Lusaka cifukwa ca mphekesera. Mazana a iwo anathawira ku chalichi ca St. Ignatius, ndipo ansembe ndi Akristu anawatsegulira zitseko nawadyetsa. A Edgar Lungu, atakhala Pulezidenti tsopano, anapita komweko kukawaona. Tsiku limenelo palibe wa Boma anati Mpingo walowerera za alendo.

Tsono pempho lathu ndi ili. Lamulo liri lonse la alendo, lakale kapena latsopano, linene momveka kuti munthu wokhala m'dziko muno mololedwa asakwezedwe ndege woweruza asanamve mlandu wace, ndi kuti ulaliki pa wokha suli cifukwa. Inu a mu Chelstone, Kabwata ndi kwina, phungu wanu akadza ku chalichi kwanu ndi matumba a simenti, mlandireni mwaulemu, ndipo pakutuluka mumfunse ngati adzaimirira m'Nyumba ya Malamulo kunena zimenezi.