Khansa ya khomo la chiberekero: Biology yathu izifika kwa amayi

Aphunzitsi anzanga ndi inu nonse amene munadutsa m'manja mwathu, lero ndili ndi nkhani yowawa. Dziko la Malawi lili m'gulu la mayiko amene khansa ya khomo la chiberekero ikupha amayi kwambiri padziko lonse. Chomvetsa chisoni n'chakuti khansa imeneyi ndi yopeweka.

Gwero lake ndi kachilombo ka HPV kamene kamafala pogonana. Pamatenga zaka zambiri kuti khansa ikhwime, ndipo nthawi yonseyo mayi samva kupweteka. Akayamba kutaya magazi osati a msambo, kawirikawiri matenda amakhala atapita patali. Bungwe la WHO limati amayi amene ali ndi HIV ali pachiopsezo kasanu n'kamodzi kuposa anzawo.

Kuyeza kwake sikovuta. Namwino amapaka viniga pakhomo la chiberekero, ndipo malo amene ayamba kusintha amayera. Akawapeza msanga amawawotcha, basi. M'zipatala za boma ndi ulere, ndipo amayi a zaka 25 mpaka 49 ndi amene amalimbikitsidwa kwambiri. Katemera wa HPV anayamba kuperekedwa kwa atsikana a zaka 9 m'dziko lonse mu 2019.

Nanga vuto lili pati? Kuno kwa Dambe, ngati m'madera ena a Mchinji, mayi amakhala kumunda kapena pageni, ena mpaka kuwoloka kupita ku Zambia. Uthenga umamuphonya. Kuboma n'kutali, thiransipoti ndi yodula, ndiye munthu wosamva kupweteka angasiyirenji fodya pachigafa? Onjezanipo manyazi, amuna okaniza, ndi bodza loti katemera amatseka mimba.

Kumalire a America ndi Mexico kulinso amayi osauka olankhula Chisipanishi amene khansayi imawavuta. Kumeneko amayi a m'dera lomwelo, otchedwa promotoras, amayenda khomo ndi khomo kuphunzitsa anzawo m'chinenero chawo. Ife tili ndi alangizi a zaumoyo, koma ntchito yawachulukira.

Maganizo anga ndi awa: tsiku lililonse sukulu imatumiza mthenga kunyumba mazanamazana. Za ziwalo zoberekera timaphunzitsa kale, koma timangofuna mwana akhoze MSCE. Tiyeni tiitane namwino ku msonkhano wa PTA ndi wa mother group, abambo akhaleponso. Tifunse kuchipatala chapafupi tsiku loyeza, tililembe pabolodi.

Inu ana anga amene muli pantchito ku Lilongwe kapena ku Joni, mukatumiza ya feteleza onjezaniko ya kabaza. Ngati kuwauza nokha amayi anu kukuchititsani manyazi, tumani azakhali. Fisi anakana nsatsi, koma ife tisakane udindo uwu.