Marefarensi ndi mboni zanu, musaitane mboni yomwe simuidziwa

Ambiri mwa ife ogwira ntchito m'zipatala zing'onozing'ono za kuno ku Nkhata Bay, kuyambira ku Usisya mpaka ku Kande, tili ndi zinthu zoti dziko lidziwe koma sitilemba. Mliri wa kolera womwe udayamba mu Marichi 2022 udagwedeza boma lathu kwambiri, ndipo m'dziko lonse udapha anthu oposa 1,700. Anamwino ndi alangizi a zaumoyo adaona ndi maso awo momwe matendawa ankayendera m'madoko a asodzi, komanso chomwe chinkachedwetsa odwala kufika kuchipatala. Zambiri mwa izo zidangotsala m'makaundula. Ine ndine kiliniko ofisa kuno kudera la Mpamba, ndipo ndikafunsa anzanga chifukwa chomwe salembera m'magazini a zachipatala, sanena kuti alibe mfundo. Amati: "Achimwene, za marefarensi zija zimazunguza mutu."

Ndikuwamvetsa, koma sindigwirizana ndi oganiza kuti malamulo a marefarensi ndi mwambo chabe wa ophunzira wofuna kutsekereza ife akumudzi. Pabwalo la mfumu munthu akanena kuti "anthu akutero," amfumu amafunsa kuti anthu ake ati, adamva liti, ali kuti tsopano. Mlandu suweruzidwa ndi mphekesera. Refarensi imayankha mafunso omwewo. Ukalemba kuti mankhwala akutiakuti amachiza matenda akutiakuti, wowerenga ali ndi ufulu wopita yekha kukaona komwe wazitenga, chifukwa mawa lake akapereka mankhwalawo kwa mwana wa munthu.

Ndipo kalembedwe kake si kovuta monga timaopera. Magazini ambiri a zachipatala, kuphatikizapo yathu ya Malawi Medical Journal, amatsata njira ya Vancouver, yomwe idatenga dzina la mzinda wa ku Canada komwe akonzi angapo adakumana mu 1978 n'kugwirizana za kalembedwe kamodzi. Pepala loyamba kulitchula m'nkhani yako limatenga nambala 1, lachiwiri 2, choncho. Ukalitchulanso kutsogolo, limabwera ndi nambala yake yomwe ija. Kumapeto umandandalika mapepalawo motsata manambala, osati motsata afabeti. Pa lililonse umayamba ndi dzina la bambo la wolemba ndi zilembo zoyamba za mayina ake ena, kenako mutu wa pepala, dzina la magazini mwachidule, chaka, voliyumu ndi masamba. Olemba akachuluka, magazini ambiri amati utchule 6 oyamba n'kuika et al. Basi.

Chomwe chimatisokoneza n'chakuti ambiri kukoleji tidazolowera njira ya dzina ndi chaka, monga Harvard kapena APA. Chinanso, ukaonjezera ndime pakati, manambala onse a kutsogolo amasuntha, ndipo wochita pamanja amapezeka kuti nambala 14 ikuloza pepala la malungo pomwe chiganizo chikunena za likodzo. Vuto ili lidatha kale. Pulogalamu ya Zotero ndi yaulere, imagwira ntchito ndi Word, ndipo imakonza yokha manambala ndi mipumiro yonse. Masana amodzi ndi okwanira kuiphunzira.

Chomwe chimandidetsa nkhawa ine si mpatuliro woikidwa polakwika. Ndi chizolowezi chotchula pepala lomwe sitidaliwerenge.

Mu Januwale 1980 magazini ya New England Journal of Medicine idasindikiza kalata ya ziganizo 5 zokha, yolembedwa ndi Jane Porter ndi Hershel Jick a ku Boston. Iwo adati mwa odwala 11,882 ogonekedwa m'chipatala omwe adalandira mankhwala amphamvu opha ululu a gulu la morphine, 4 okha ndiwo adapezeka kuti azolowera mankhwalawo mosatha kusiya. Awa anali odwala a m'wodi, oyang'aniridwa ndi anamwino. Koma olemba ena adayamba kuitchula kalatayo ngati umboni woti mankhwalawa saopsa ngakhale kwa munthu womwera kunyumba miyezi yambiri. Wina adakopera kwa wina, winayo kwa winanso. Mu 2017 ofufuza a ku Canada adawerenga napeza kuti kalatayo idatchulidwa ka 608. Pa 100 aliwonse oitchula, 72 adaigwiritsa ntchito ngati umboni woti kuzolowera n'kosowa, ndipo pafupifupi 81 sadanene n'komwe kuti odwalawo anali ogonekedwa. Pofika nthawi imeneyo anthu zikwi mazanamazana anali atafa ku America ndi mankhwala a mtunduwu. Kalatayo sindiyo yokha idadzetsa tsokalo, koma idathandiza kutonthoza madokotala omwe akadayenera kuchita mantha. Marefarensi ambiri aja adalembedwa bwinobwino, mipumiro ili m'malo mwake. Chidasowa n'kuwerenga.

Kwa ife mayesero ake ndi aakulu kuposa apa. Bandulo ndi yodula, netiweki imabwera ndi kupita, mapepala ena amafuna madola kuti uwatsegule. Ndiye munthu amangotenga mndandanda wa m'pepala la mnzake n'kuumata m'lake. Masiku ano ena akufunsa ChatGPT, yomwe imatha kupeka refarensi yooneka yeniyeni, ya mayina ndi masamba omwe, pomwe pepalalo kulibe. Mkonzi akapeza imodzi yotero sakhulupiriranso manambala ako a kuwodi, ngakhale akhale oona.

Taonani chitsanzo cha panyanja yathu yomweyi. Mu 2019 magazini ya Emerging Infectious Diseases idasindikiza kafukufuku wopeza nkhono zofalitsa likodzo la m'matumbo m'nyanja ya Malawi, komanso ana asukulu odwala matendawa. Kafukufukuyo adachitikira ku Mangochi. Wongoona mutu wake atha kulemba kuti matendawa ali ku Chintheche n'kuikapo nambala. Wowerenga pepala lonselo alemba kuti zidapezeka ku Mangochi, ndipo aona pomwepo mpata: nanga kuno kwathu zili bwanji? Funso limeneli ndi lomwe limabala pepala latsopano, ndipo ife okhala pano ndi amene tingaliyankhe.

N'chifukwa chake ndimauza anzanga kuti marefarensi 12 omwe udawawerenga okha amaposa 40 okopera. Yambani ndi za Amalawi anzathu. Malawi Medical Journal imawerengedwa kwaulere pa PubMed Central ndi pa African Journals Online, ndipo potchula ntchito za kuno timathandiza kuti zipezeke ndi ofufuza a kunja. Pepala lomwe walephera kulitsegula, lemberani mwini wake. Ambiri amatumiza mosavuta. Akapanda kutumiza, lisiyeni.

Pempho langa likupita ku maofesi a zaumoyo a m'maboma ndi makoleji a zaumoyo a ku Mzuzu ndi Ekwendeni. Pa misonkhano yomwe timaitanidwa kale kuboma, patulanipo tsiku limodzi loti anamwino ndi makiliniko ofisa a kumudzi abwere ndi malaputopu, aphunzire Zotero, ndiponso aphunzire kufananitsa chiganizo chilichonse ndi pepala lomwe chikuloza. Akonzi nawonso, mukalandira pepala la kuchipatala cha kumudzi lomwe mfundo zake ndi zolimba koma mipumiro yasokonekera, libwezeni ndi malangizo, musalitaye. Koma la refarensi yopeka likanidwe, ngakhale litachokera kwa pulofesa.